Khosi likamawawa ndi helemeti: zomwe ndapeza pa ntchito yoperekera katundu mu Chipata

Mukadutsa pa siteji ya njinga zamoto ku Kapata kapena ku Saturday Market cha m'ma 16, muyang'ane manja a anyamata amene akudikira maoda. Ambiri dzanja limodzi limakhala lili pankhongo, akudzitsina ndi kudzisisita, helemeti ataikoleka pagalasi. Wina amapotoza mutu mpaka khosi kulira, kenako n'kunena kuti, "Chipewa ichi chindimaliza ine." Mawa lake mumuona akutsika ndi Umodzi Highway kumutu kulibe kanthu, helemeti ataimangirira pakaliyala limodzi ndi katundu wa kasitomala.

Ululu umenewu ndikuudziwa, chifukwa ntchito yanga ndi yomweyi: kutenga maphukusi pa mabasi ochokera ku Lusaka, zakudya, makatoni a m'mashopu, kupita nazo ku Mchini, ku Navutika, ku Kalongwezi, nthawi zina mpaka ku Mwami. Umayamba ngati moto pansi pa chibade, pomwe mutu wakumana ndi khosi. Masana umatsikira paphewa. Madzulo mutu umalemera kuyambira kunkhongo mpaka pamwamba pa diso, ndipo mukafuna kucheuka pa mphambano mumatembenuka thupi lonse. Chomwe ndapeza, pa ine ndi pa anzanga amene tathandizana nawo, n'chakuti helemeti timainamizira. Nthawi zambiri chowawitsa khosi ndi saizi yake, kavalidwe kake, kakhalidwe kathu panjinga ndi njinga yomweyo. Zinayi zimenezi zimakonzeka, zambiri popanda kutulutsa ngwee. Kuvula helemeti sikukonza kanthu. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri anapeza kuti helemeti yovalidwa bwino imachepetsa imfa pa ngozi ndi pafupifupi 42 pa 100 ndipo kuvulala m'mutu ndi pafupifupi 69 pa 100. Lamulo la pamsewu la dziko lino la Zambia nalonso limafuna kuti woyendetsa ndi wokwera onse avale, ndipo a RTSA, bungwe loona za chitetezo cha pamsewu, ndi apolisi akakugwirani, mawu akuti "khosi limandiwawa" sangakupulumutseni.

Chomwe khosi likusenza

Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5. Wakhala pamwamba pa timafupa 7 ta khosi, ndipo chimaugwira kuti usagwere kutsogolo ndi minofu ya kunkhongo ndi ya pamapewa. Helemeti yotseka nkhope yonse imawonjezera kilogalamu 1.4 mpaka 1.8. Yotsegula kumaso imakhala yopepukirako, yotukula chibwano chonse m'mwamba imakhala yolemererako chifukwa cha mahinji ake.

Kulemera kumeneku pakokha si kwambiri. Amayi akumudzi amatha kusenza ndowa ya malita 20 pamutu kuchokera kumjigo, chifukwa ndowayo yakhala pakatikati, mutu uli chilili pamwamba pa msana. Vuto limayamba mutu ukatsogola. Mu 2014 dokotala wa msana wa ku New York, Kenneth Hansraj, anawerengetsa kuti mutu ukaweramira kutsogolo madigiri 15, khosi limamva ngati lasenza makilogalamu 12. Pa madigiri 30 limamva 18. Pa madigiri 60 limamva 27. Awatu ndi mawerengedwe a mutu wosavala kanthu. Ikanipo helemeti, ikanipo maola 10 a ntchito, ikanipo mabampu a msewu wa ku Magazine nthawi ya mvula. Thumba la ufa la 25 kg timalikweza panjinga ndi manja awiri, koma khosi timalisenzetsa zofanana nalo nthawi iliyonse tawerama kuyang'ana foni.

Mphepo nayo ili ndi mbali yake. Mphamvu imene imakankhira mutu kumbuyo imakula mofulumira kuposa liwiro: mukachoka pa 40 kufika pa 80, kukankhako sikuwirikiza kawiri koma kanayi. N'chifukwa chake ulendo umodzi wa ku Katete pa Great East Road umatopetsa khosi kuposa tsiku lathunthu la m'tauni.

Saizi: apa ndi pomwe ambiri tinalakwitsira

Ambiri helemeti sitinasankhe. Inabwera ndi njinga, kapena abwana anangotipatsa yomwe ankavala woyendetsa wakale, kapena tinagula yomwe inalipo. Ndipo pogula, munthu amakonda yomwe yalowa mosavuta, poganiza kuti ndiyo yabwino. Imeneyo kawirikawiri ndi yaikulu.

Helemeti yaikulu imagwedera. Pa bampu lililonse imayamba yatsalira kenako n'kugunda mutu, mphepo ikalowa pansi imaitukula, mukacheuka imachedwa kutsatira. Minofu ya khosi imakhala yokungika tsiku lonse kuti igwire chinthu chosakhazikika, ndipo inu simudziwa kuti mukuchita zimenezo mpaka madzulo. Helemeti ya kilogalamu 1.6 yogwira bwino mutu imatopetsa pang'ono kuposa ya 1.2 yogwedera. Izi ndazitsimikiza pa khosi langa.

Kupima n'kosavuta. Bwerekani tepi kwa atelala aliyense pamsika. Izungulizeni pamutu, kutsogolo idutse masentimita awiri pamwamba pa nsidze, m'mbali pamwamba pa makutu, kumbuyo pomwe chibade chatundumuka kwambiri. Pimani kawiri kapena katatu, mutenge nambala yaikulu. Pa mahelemeti ambiri 55 mpaka 56 ndi S, 57 mpaka 58 ndi M, 59 mpaka 60 ndi L, 61 mpaka 62 ndi XL, koma makampani amasiyana pang'ono, choncho nambalayo ndi poyambira chabe. Ngati mumasunga tsitsi lambiri kapena madiredi, pimani tsitsi lili momwe mumayendera.

Mukaivala, mangani lamba ndipo yesani zinthu izi wogulitsa ali pomwepo. Gwirani helemeti ndi manja awiri, muipotoze kumanja ndi kumanzere mutu uli phee: khungu la pamphumi ndi masaya ziyenera kuyenda nayo limodzi. Ikangotsetsereka pakhungu, yakula. Lowetsani chala pakati pa mphumi ndi siponji: chikalowa mosavutikira, yakula. Kenako weramani pang'ono, mnzanu aigwire kumbuyo n'kuikokera kutsogolo ngati akufuna kukuvulani. Ikavuka, pa ngozi idzavukanso chimodzimodzi. Helemeti yatsopano yoyenera imafinya masaya pang'ono, moti kutafuna chingamu kumavuta. Siponji imafewa pakapita milungu ingapo. Koma isabaye pamalo amodzi. Khalani nayo kumutu mphindi 15 kapena 20, ngakhale wogulitsa akuyang'aneni ndi diso lotopa. Mukavula n'kupeza chidindo chofiira pamphumi kapena pamwamba pa makutu, helemetiyo siigwirizana ndi kaumbidwe ka mutu wanu. Mitu ina ndi yozungulira, ina ndi yotalika kuchoka kumphumi kupita kunkhongo. Yesani ya kampani ina, osati kungokwera saizi.

Helemeti yakale imakula yokha. Siponji ya m'kati imaphwa ndi thukuta ndi mafuta a m'mutu, ndipo yomwe inali M chaka chatha lero ikugwedera ngati L. Anzanga ena amavala chipewa cha ulusi m'kati kuti idzaze. M'mwezi wa June ndi July ndimamvetsa, kuzizira kwa m'mawa kuno sikocheza. Koma chipewa chochindikala chimakweza helemeti m'mwamba, kulemera kumakhala kutali ndi khosi, ndipo chimaterera. Ngati mukufuna chofunda kapena chomwa thukuta, valani kansalu kopyapyala kogwira mutu. Ngati siponji ya helemeti yanu imachoka, ichapeni ndi sopo wosambira, muiyanike pamthunzi. Imafufumako pang'ono, ndipo fungo lija lomwe limatipangitsa kuikweza pamphumi limatha.

Za kupepuka ndinenepo mosabisa, chifukwa pali msampha. Munthu khosi likamamuwawa amathamangira helemeti yopepuka kwambiri, ndipo pamsika zilipo: pulasitiki yopyapyala, m'kati muli kasiponji kofewa basi. Yeniyeni pansi pa nsalu imakhala ndi chinthu choyera cholimba, chonga chija amatchingira nacho TV m'katoni, chochindikala pafupifupi masentimita awiri ndi theka. Chimenecho ndicho chimaphwanyika m'malo mwa chibade chanu. Helemeti yotseka nkhope yonse yosakwana kilogalamu imodzi, yotsika mtengo, muikayikire. Yang'anani kansalu kosokeredwa palamba kokhala ndi chilembo E m'kati mwa kabwalo, chizindikiro cha muyezo wa ECE 22.05 kapena watsopano wa 22.06, kapena chilembo cha DOT, muyezo wa ku America, kumbuyo kwa helemeti. Sitika aliyense angathe kumata, choncho pendaninso kuchindikala kwa choyera chija ndi kulimba kwa misomali yogwira lamba. Ya pa salaula vuto lake n'lakuti simudziwa ngati inagundapo pansi mutu uli m'kati. Choyeracho chimagwira ntchito kamodzi. Chikafinyika sichibwerera, ngakhale kunja penti ikuwala. Chipewa cha pa konsitirakishoni chokha ndiye ayi, chimenecho anapangira njerwa yogwa kuchokera pamwamba, osati munthu wogwa panjinga.

Kavalidwe

M'mwezi wa October, dzuwa likamaswa mtengo, pafupifupi tonse timachita chinthu chimodzi: kukankhira helemeti m'mwamba kuti ikhale pamphumi ngati chisoti, chotchinga chibwano chili pamwamba pa maso. Palibe kavalidwe kowononga khosi kuposa kameneka. Kulemera konse kwapita kumbuyo ndi pamwamba, mphepo ikulowa m'kati ngati m'thumba, ndipo inu mukukankhira chibwano kutsogolo kuti isagwe. Mukaima pa siteji, ivuleni yonse, mutu upume. Mukamayenda, itsike mpaka m'mphepete mwake mukhale zala ziwiri pamwamba pa nsidze. Tsegulani timabowo ta mphepo ta pachibwano ndi pamwamba. Ambiri tinatsekeka ndi fumbi, kamswachi kakale kamatitsegula.

Lamba akhale pansi pa chibwano cha kukhosi, osati pansonga ya chibwano, ndipo pakati pa lamba ndi khungu pazilowa zala ziwiri zokha. Lamba wolendewera amalola helemeti kuvina, ndipo tabwerera ku vuto la kugwedera lija. Chomangira chikathyoka musamange mfundo kapena waya.

Galasi la kumaso ndi chinthu chomwe sindinkachiganizira n'komwe kuti chingakhudze khosi. Likakalikakalika ndi kupukutidwa ndi malaya fumbi lili pomwepo, pakati pake sipaonekanso bwino, makamaka madzulo magetsi a magalimoto akamawala. Ndiye munthu amayenda atapendeketsa mutu, kufunafuna kampata koyera kosuzumirapo, kapena amalikweza theka, n'kumayang'anira pansi pake chibwano chili m'mwamba. Galasi lokwezedwa theka limakolanso mphepo. Muzilitsuka ndi madzi ndi sopo kaye musanalipukute, ndipo likatha gulani lina.  Galasi lakuda ndi la masana okha. Helemeti zija za mpikisano wa m'tchire, zokhala ndi chidenga chotalika kutsogolo, zimaoneka bwino pa siteji, koma pamsewu wa ku Lundazi chidengacho chimakokera mutu m'mwamba ulendo wonse. Pa zambiri chimamasuka ndi tizomangira titatu.

Ndiye pali foni. Kasitomala akuimba kuti "muli pati?", inu mukuyenda, ndiye kafoni kamabatani mwakalowetsa pakati pa khutu ndi siponji, mutu mwaupendeketsa kuti kasagwe. Mphindi zitatu zokha, koma pa tsiku kangati? Yang'anani mbali yomwe khosi limakuwawani, kenako mukumbukire khutu lomwe mumaikako foni. Kawirikawiri zimagwirizana. Kafoniko kamaphwetsanso siponji mbali imodzi, helemeti n'kuyamba kukhala mopendekeka. Imani pambali, lankhulani, pitirizani. Ngati mumatsatira mapu, chogwirira foni chikhale pamwamba pa mahandulo pomwe maso okha angatsike osaweramitsa mutu.

Njinga ndi katundu

Mnzathu wina wachikulire, amene anayamba ndi njinga yakapalasa kalekale mu Chipata muno asanagule yamoto, anandiyang'ana tsiku lina ndikufika pa siteji n'kundiuza kuti, "Mwana wanga, bokosi lakolo lakulanda mpando. Taona momwe wakhalira, ngati kamba wosuzumira." Ankanena zoona. Bokosi kapena katoni ikamangidwa mosendera kutsogolo, imakukankhirani pa thanki. Chiuno chimapindika, msana umakhota, mapewa amabwera kutsogolo, ndipo kuti muone msewu mumatukula chibwano. Pamenepo timinofu ta pansi pa chibade tafinyika, ndipo ndi timeneti timabweretsa mutu wowawa wochokera kunkhongo. Pakati pa msana wanu ndi bokosi pazikhala mpata wolowa chikhatho chopingasa. Koma musalibweze kwambiri mpaka kulendewera kuseri kwa tayala, chifukwa kutsogolo kumapepuka ndipo njinga imayamba kuyepayepa. Zolemera ziikeni pansi ndi kutsogolo kwa bokosi, zopepuka pamwamba.

Chikwama chakumsana chodzaza ndi mdani wina. Malamba ake amakanikiza ndendende pa mnofu wochoka kukhosi kupita kuphewa, womwe watopa kale ndi helemeti. Chilichonse chomwe chingamangike panjinga, chimangeni panjinga. Ngati palibe kuchitira mwina, talikitsani malamba kuti pansi pa chikwama pakhale pampando, mpando ndiwo usenze. Chikwama cha lamba mmodzi chopachika paphewa limodzi chisiyeni kunyumba.

Mahandulo amasunthika, ngakhale ambiri timayenda nawo momwe tinawapezera. Khalani panjinga itaima pa sitandi yapakati, msana wowongoka, mapewa omasuka, tsekani maso, tambasulani manja pomwe akufuna okha, zigongono zitapindika pang'ono. Tsegulani maso. Ngati mahandulo ali kutali ndi pomwe manja afika, masulani pang'ono mabawuti anayi ogwira mahandulo pakati, kawirikawiri ndi sipanala ya 12, muwapendeketsere kwa inu pang'ono, sentimita imodzi kapena ziwiri zimakwana. Mangani mabawutiwo mosinthanasinthana kuti agwire mofanana. Mukatero konzaninso zogwirira buleki ndi kilatchi kuti zala zizifikapo dzanja lisanapindike, ndipo pindani mahandulo mpaka kumapeto mbali zonse muone ngati sakugunda thanki kapena kukoka mawaya. Injini ikakwera yokha mukapinda, waya wa mafuta wakokeka, bwezani. Ngati njinga inagwapo ndipo handulo imodzi inapindika, phewa limodzi limakhala lokwera tsiku lonse. Pitani nayo kwa makaniko.

Zigongono zowongoka gwa zimatumiza bampu lililonse kuchoka ku tayala lakutsogolo mpaka kukhosi. Zopindika zimameza. Gwirani thanki ndi mawondo, manja agwire mahandulo mofewa ngati mwagwira dzira. Pa mahampu ndi pa maenje chepetsani liwiro musanafike, siyani buleki tayala lisanakwere, ndipo pondani zopondera kuti matako anyamuke pang'ono pampando. Miyendo ndiyo ilandire, osati msana.

Magalasi oonera kumbuyo ambiri tinachotsa, ena akuti amawononga maonekedwe a njinga, ena anasweka osagulanso. Wopanda magalasi amacheuka ndi helemeti kambirimbiri pa tsiku, mwadzidzidzi, mphepo ikukankha cha m'mbali. Bwezeranipo onse awiri, muwakonze mutakhala momwe mumakhalira poyenda. Kucheuka musanakhote kumafunikabe, koma kuzichitika ndi mapewa omwe, osati khosi lokha.

Matayala opopa mopitirira muyezo ndi vuto lofala kwambiri, chifukwa opopa ambiri amangoyesa ndi chala, ndipo ife timakonda olimba kuti mafuta asathe msanga. Njinga zathu zambiri za 125 ndi 150 zimafuna cha m'ma 25 psi (muyezo wa mpweya wa m'tayala) kutsogolo, 28 kumbuyo mukakhala nokha, 32 mukanyamula munthu kapena katundu wolemera. Nambala zenizeni za njinga yanu zili pa sitika pafupi ndi tcheni kapena m'kabuku kake. Tayala la 45 psi pamsewu wafumbi, pomwe pali timizere tija tonga malata, limadumpha ngati mpira ndipo kunjenjemera konse kumathera m'khosi. Pimani ndi geji m'mawa matayala asanatenthe. Mashoko akumbuyo ali ndi kamphete ka masitepe pansi pa sipuling'i: mukaakweza chifukwa cha matumba a feteleza, kumbukirani kuwabweza mukamanyamula timaphukusi, ndipo mbali zonse ziwiri zikhale pa sitepe imodzi. Shoko yodontha mafuta yafa, ngakhale sipuling'i ikuoneka yabwino.

Thupi lenilenilo

Nthawi yodikira pa siteji ndi yomwe khosi likanapuma, koma ndi yomwe timalizunza kwambiri: takhala panjinga, helemeti ili kumutu, tawerama pa WhatsApp kapena pa mpira theka la ola. Kumbukirani madigiri 60 aja. Vulani helemeti, tsikani panjinga, foni muikweze kufika pamaso.

Zolimbitsa khosi zomwe zandithandiza ndi zochepa, ndipo zonse zimachitika mutaima pambali pa njinga, helemeti itavulidwa. Yofunika koposa ndi kubweza chibwano. Yang'anani kutsogolo, kokerani chibwano m'kati molunjika kumbuyo ngati mukupewa chinthu chonunkha, osaweramitsa mutu, mpaka mumve kukokeka pansi pa chibade. Gwirani masekondi 5, masulani, bwerezani ka 10. Imalimbitsa timinofu ta kutsogolo kwa khosi tomwe timafooka mwa munthu woyenda chibwano chili patsogolo. Kenako ikani chikhatho pamphumi, mukankhe mutu pa chikhatho mutu osasuntha, ndi theka la mphamvu zanu, masekondi 5 mpaka 10, kasanu. Chitaninso chimodzimodzi kunkhongo, kumanja ndi kumanzere. Ya mapewa: kokerani mafupa a kumsana kwa mapewa kumbuyo ndi pansi ngati mukufuna kupana pensulo pakati pake, masekondi 5, ka 10. Pomaliza kokani mnofu wa m'mbali: dzanja lamanja ligwire pansi pa mpando, khutu lamanzere lipite kuphewa lamanzere pang'onopang'ono, masekondi 20 mpaka 30, kenako mbali inayo. Zonsezi sizipitirira mphindi 10. Chitani m'mawa, masana ndi madzulo. Kusintha kumayamba kumveka pakatha milungu iwiri kapena itatu, osati mawa. Kukokeka pang'ono n'kwabwino. Kubaya kapena dzanzi lotsikira m'dzanja ndiye siyani pomwepo.

Kuzunguza mutu mofulumira ndi kuliza khosi ndi manja ndimakana. Mpumulo wake ndi wa mphindi zochepa, ndipo mumabwereza kosalekeza. Choopsa kwambiri ndi kulola mnzanu kapena ometa tsitsi kukupotozani mutu mwamphamvu. M'timafupa ta khosi mumadutsa mitsempha yopereka magazi ku ubongo, si malo oseweretsa.

M'nyengo yozizira mapewa amakwera okha kufika m'makutu, nsagwada n'kulumana, ndipo mumayenda choncho kuyambira 6 mpaka dzuwa litakwera. Jekete yotseka mpaka kukhosi ndi kansalu kofunda khosi zimathandiza kuposa momwe mungaganizire. Nsonga za nsaluyo zilowe m'jekete, zisalendewere kufupi ndi tayala.

Madzulo nyikani thaulo m'madzi otentha bwino osawotcha, finyani, ikani pankhongo ndi pamapewa mphindi 15 mpaka 20. Pogona, mtsamiro ukhale umodzi: mukagona chammbali udzaze mpata wa pakati pa khutu ndi phewa, mukagona chagada ukhale wotsika. Kugona chafufumimba kumasiya khosi litapotoka usiku wonse. Kolala ija yomanga khosi musagule nokha. Khosi lotopa limachira ndi kuyenda, likamangidwa limafookeratu.

Mankhwala ali ndi malo ake, koma ndaona anzanga akumwa ngati mtedza. Panadol wa 500 mg munthu wamkulu amamwa awiri, pakapita maola osachepera 4 mpaka 6 n'kumwanso, osapitirira mapiritsi 8 pa tsiku, ndipo osaphatikiza ndi mowa chifukwa chiwindi ndicho chimavulala. Brufen wa 400 mg ndi katatu pa tsiku mutadya, kwa masiku ochepa okha. Ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, BP kapena mphumu, funsani kaye kuchipatala. Brufen ndi diclofenac ndi a gulu limodzi, musamwe onse awiri. Mankhwala alionse obweretsa tulo sayenderana ndi njinga. Mukaona kuti sabata yatha mukumwa tsiku ndi tsiku kuti mugwire ntchito, mankhwalawo akungophimba chinthu chomwe chikufunika kuonedwa.

Pomwe nkhani si ya helemetinso

Khosi lotopa ndi ntchito limapepuka mukapuma, ndipo mukakonza zomwe ndatchulazi limasintha m'milungu yochepa. Likapitirira mwezi osasintha, yambani ku kiliniki ya kufupi ndi kwanu. Akaona kuti n'kofunika adzakutumizani kwa a fiziyo, akatswiri othandiza minofu ndi mafupa ndi zolimbitsa thupi, ku Chipata Central Hospital, kapena ku St Francis ngati muli cha ku Katete. Koma pali zizindikiro zosadikira mwezi. Ululu wotsika ndi mkono mpaka ku zala ngati magetsi, dzanzi losatha, dzanja lofooka moti kilatchi ikukukanikani kapena makiyi akugwa okha, miyendo yolemera ndi kuyenda modzandira, kulephera kugwira mkodzo: apa mtsempha kapena chingwe cha m'kati mwa msana chapanikizika, pitani tsiku lomwelo ndipo musayendetse nokha. Khosi louma gwa limodzi ndi kutentha thupi, mutu woopsa, kusanza ndi kudana ndi kuwala kungakhale matenda oumitsa khosi, omwe amapha m'maola ochepa. Musangoti ndi malungo. Ululu wa usiku wosasintha ngakhale mugone bwanji, pamodzi ndi kuonda ndi thukuta la usiku, nawo ukapimidwe, chifukwa TB imagwiranso mafupa a msana. Ndipo ululu uliwonse wa khosi woyamba mutagwa kapena kugundidwa, ngakhale munadzuka n'kuyendetsa njinga kupita kunyumba, ndi wa kuchipatala. Helemeti yomwe munagwa nayo igulidwe ina.

Chinthu chimodzi chomwe chimandiwawa mtima ndikafika pa ngozi ya mnzathu ndi kuona anthu achifundo akuthamangira kumuzula helemeti ndi kumunyamula manja ndi miyendo, mutu ukulendewera. Ngati fupa la khosi lathyoka, kukoka kumeneko ndi komwe kumamupuwalitsa. Ngati akupuma, musavule helemeti. Tsegulani galasi lokha, mulankhule naye, mumuuze asagwedeze mutu. Munthu mmodzi agwade kumutu kwake, agwire helemeti mbali zonse ziwiri kuti mutu ukhale molunjika ndi thupi, ndipo asasiye mpaka achipatala atafika. Ena aimitse magalimoto. Helemeti imavulidwa pokhapokha ngati sakupuma, kapena akusanza ndi kutsamwa, ndipo pamafunika anthu awiri: mmodzi amasula kapena kudula lamba, n'kulowetsa dzanja limodzi pansi pa nkhongo, linalo ligwire nsagwada, winayo akanula helemeti m'mbali mwa masaya, aipendeketsa pang'ono kuti idutse mphuno, n'kuikoka pang'onopang'ono molunjika. Ngati ambulansi palibe ndipo muyenera kumukweza m'galimoto, pezani chitseko kapena thabwa lalikulu, anthu anayi amutembenuzire pamenepo mutu, mapewa ndi chiuno zikuyendera limodzi, wogwira mutu ndiye aziwerenga. Pindani majekete awiri muike mbali ndi mbali ya mutu, ndipo wogwira mutuyo akwere naye limodzi mpaka kuchipatala.